Nyimbo Imene Amayi Ankasinjira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene alendo anayamba kubwera m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mitande, kudzaona mmene timakhalira. Ankatsika sitima ya komboyo ku Cuamba, n'kukwera minibasi ya chapa, kenako n'kumalizira wapansi atavala zipewa zazikulu. Anthu a m'mudzi anagwirizana zowaonetsa kuumba mbiya, kuluka mphasa ndi kusinja chimanga. Wowatsogolera anali mnansi wathu, Bambo Saidi, chifukwa ankadziwa Chinyanja, Chiyao, Chimakuwa ndi Chipwitikizi.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Zimene pakamwa pankalephera ndinkazilemba m'kaderno yanga yachikuto chobiriwira, imene ndinkaibisa pansi pa mphasa. Mmenemo ndinalembamo kangapo za nyimbo imene amayi ankaimba posinja. Inali ya Chimakuwa, chilankhulo cha kwawo, chimene ife ana sitinachiphunzire chifukwa panyumba tinkalankhula Chinyanja cha bambo. Mawu ake sindinkawamva, koma ndinkaikonda kwambiri. Inkatsika pang'onopang'ono limodzi ndi munsi.

Tsiku lina Bambo Saidi anafika pakhomo akudandaula kuti azimayi onse akuimbira alendo nyimbo imodzimodzi. Sindikudziwa kumene ndinakutenga kulimba mtima. Ndinangoti, "Amayi ali nayo yabwino."

Amayi anandiyang'ana. "Ija ndi yongosinjira," anatero.

"Amake Tereza, musatimane," Bambo Saidi anachonderera. "Mungoimba kamodzi, basi."

Amayi sankadziwa kukaniza munthu. Anavomera.

Alendo anafika anayi, m'mawa, dzuwa lisanawawe. Tinawakhazika pansi pa mtengo wa mango. Ndikukumbukirabe fungo la chimanga chonyowa ndi gaga amene ankauluka n'kutera pa kapulana yatsopano imene amayi anamanga m'chiuno. Anayamba kusinja, kenako kuimba. Alendo ankaomba m'manja motsatira munsi, ndipo mayi wina ankajambula ndi foni uku akugwedeza mapewa. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe, mtima uli mbee ndi kunyada.

Nyimbo itatha, mayi wa foni uja anafunsa m'Chipwitikizi tanthauzo lake. Bambo Saidi anali atasiya kumwetulira kalekale. Anatsokomola, n'kuyang'ana pansi. Mwina anaiwala kuti ndilipo, kapena kuti kusukulu tinkaphunzira m'Chipwitikizi ndipo ine ndinkachimva bwino.

"Akuimba za mwana wawo woyamba, wamkazi," anatero. "Anawafera kumsana pothawa nkhondo kupita ku Malawi. Anayenda naye tsiku lonse osauza munthu, chifukwa gulu silikanaima. Anamuika pansi pa mtengo wa mbawa, pokumba ndi manja. M'nyimbomu akufunsa mtengowo ngati ukadalipo."

Mwana woyamba ndinali ine. Mudzi wonse unkawaitana amayi kuti amake Tereza. Tsopano ndinali kumva kuti ndinali ndi mkulu wanga, ndipo ndinali kuzimva m'chilankhulo cha kusukulu, limodzi ndi anthu amene sankadziwa n'komwe dzina langa. Nyimbo imene ndinkaing'ung'udza popita kukatunga madzi inali maliro.

Amayi sankamva Chipwitikizi, koma anaona nkhope yanga. Munsi unaima m'mwamba. Mayi wa foni anabisa foni yake m'thumba, maso ali ofiira. Kenako amayi anayambanso kusinja, koma osaimba, mpaka alendo ananyamuka kupita kwa woumba mbiya.

Masana ndinawapeza amayi akupeta. Ndinagwada pambali pawo n'kuwafunsa.

"Dzina lake anali ndani?"

"Joakina."

"Bwanji simunandiuze?"

Anaomba lichero kawiri, gaga n'kugwa. "Ndinkakuuza tsiku lililonse, mwanangu. Ndinkangosankha chilankhulo choti usamve."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa ndodo. M'kaderno tsiku limenelo ndinalembamo dzina limodzi lokha. Kuyambira pamenepo mtondo wa pakhomo pathu unkalira wokha, wopanda nyimbo. Panapita zaka zitatu amayi asanaiimbenso, ndipo pamene anaiimba, ndinali nditawapempha kuti andiphunzitse Chimakuwa.

Lero ndine mmodzi wa otsogolera alendo m'mudzi momwemo. Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo alendo ambiri amabwera ndi mtima wabwino. Koma ndinaphunzira kuti akazi a kwathu amaika pamtondo zimene sanganene pena paliponse, ndipo si zonse zomveka bwino m'khutu zimene zili zoonetsa. Mlendo akandifunsa tanthauzo la nyimbo, ndimayamba ndatembenukira kwa mwini wake n'kumufunsa chapansipansi ngati ndinganene. Akapukusa mutu, ndimauza mlendoyo kuti nyimboyo ili ndi mwini wake, ndipo timapitirira ulendo.