Kasingano ka Kabuleta Kanatayika M'kapinga

Ntchito ya makina otchetchera kapinga ndinaipeza chifukwa cha bondo la a Namakhwa. Iwo anali makaniko pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo kugwada kunali kutayamba kuwavuta. Ine ndinkatchola tiyi paganyu, bambo a mwana wanga Tadala atapita ku Joni n'kungoti zii. Tsiku lina a Namakhwa anandipeza ndikukonza wilibala. Anati, "Manja awa si a tiyi yekha ayi. Mawa mubwere."

Anandiphunzitsa kabuleta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya. Umatseka petulo, kuchotsa sefa, kumasula bawuti ya pansi ndi sipanala, kambale n'kutsika. M'katimo muli choyandama, ndi kasingano kochepa ngati njere ya mpunga, kotseka petulo akadzaza. Jeti, kachitsulo kakabowo kodutsamo petulo, umaitsuka m'petulo n'kuiuzira mpaka uone kuwala pakabowo. "Waya osalowetsamo," ankatero. Zonse ndinkaziyala pachitenje changa, motsatana mmene ndazichotsera.

Akapitawo anati ndikadzutsa ndekha makina a kunyumba kwa bwana amene anali atafa, andilemba ya pamwezi, ndi nyumba yomwe. Apo ayi, nyengo yotchola ikatha ndibwerere kwathu kwa Changata.

Tsiku loyesedwalo kunali chiperoni. Ndinali nditamasula zonse, nditatsuka, kwangotsala kubwezera. Ndinangoona mai a Dalitso, amene ankandisungira mwana, akubwera chothamanga, Tadala ali m'manja ndi kamalaya kokha.

"Mai a Tadala, mwanayu watentha ngati mbaula! Inu muli phee ndi zitsulo?"

Ndisanatsegule pakamwa anakoka chitenje chija, kuchikutumula monga timachitira tonse, n'kumufunditsa mwana. Sindinawakalipire. Ndi mai uti akanasiya mwana akunjenjemera, nsalu ili pansi?

Nditabwerako kuchipatala masana, ndinakwawa m'kapinga monse. Kambale, jeti, choyandama, zonse ndinatola. Kasingano ayi. A Namakhwa anabwera ndi maginito a m'wailesi yakufa, nagwada pabondo lawo lomwelo. Tinangotola misomali yadzimbiri.

Ndinabwezera choncho, kungoyesa. Nditatsegula petulo anayamba kuchucha pansi. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Injini inakhosomola kamodzi, basi.

Akapitawo anayang'ana petulo uja, kenako Tadala kumbuyo kwangaku.

"Ndinanena ine. Makina ndi wamwana kumbuyo sizigwirizana."

A Namakhwa anayesa kufotokoza, koma akapitawo anali atatembenuka kale. Kasingano kena kanachokera ku Limbe, ndipo anakaika ndi bambo wina amene anamulemba m'malo mwanga.

Tadala anachira. Ine ndinabwerera kudengu, ndipo chilimwe chikafika amatiuza kuti tidikire mvula. Chimene ndinatolapo n'chakuti kachitsulo kakang'ono sikaikidwa pansalu imene mwana angaifune. Ndinasunga kachitini kokhala ndi chivindikiro, koikamo zoterezi. Mpaka lero kali pazenera, kopanda kanthu. Ndikamadutsa pakapinga paja m'mawa, dengu lili kumsana, maso amapitabe pansi okha.