Phazi Langa pa Mtsetse wa ku Kandeu

Tinanyamuka pa Lizulu nthawi ya seveni m'mawa, nkhungu isanatheretu, titapakira matumba a kachewere mpaka thiraki inakhala pansi. Kutsogolo tinalimo atatu. Pachiwongolero panali ine. Pakati panakhala a Nambewe, mayi wokonza makompyuta a magalimoto amene anachokera ku Lilongwe, laputopu ili pamiyendo. Kukhomo kunali mwini thiraki, Yohane, amene anali atandiuza kale kuti ulendowu ndiwo udzaweruza ngati ndipitirize ntchito kapena ndikapume kumudzi.

Yohaneyu ndinamuona akukwawa. Bambo ake, malemu, ndinawayendetsera chilole chakale zaka zambirimbiri. Chilole chimenecho ndinkachimva ndi khutu. Chikatsokomola ndinkatsika ndi sipanala, kukhudza pampu pang'ono, basi ulendo. Atamwalira, mwana anachigulitsa n'kugula thiraki yoyendera kompyuta, yokongola ndithu, koma ya khalidwe loipa. Pamtsetse, ukangochotsa phazi pa moto, inkadumphira kutsogolo, kenaka kugwira, kenaka kudumphanso. Ku galaja, ili yopanda katundu, inkalira bwinobwino ngati yosalakwa. Tsiku lina Yohane anakwera nane, anaona phazi langa likugwedezeka pa chopondera moto, ndiye anagamula kuti mwendo wa nkhalamba wayamba kunjenjemera. Zinandiwawa kwambiri, sindibisa.

Tisanatuluke mumsika, mayi wina wogulitsa kabichi anasuzumira pawindo n'kuona chingwe chochokera pa laputopu kulowa pansi pa chiwongolero.

"Kodi galimoto yanu ili pa diripi, achimwene?"

"Ikudwala, mayi," ndinayankha. "Koma ena akuti wodwala ndine."

A Nambewe anaseka. Yohane anangoyang'ana kumbali.

Msewu wa tala wochoka pa Lizulu umayenda m'malire, dzanja lamanja Mozambiki, lamanzere kwathu. Kale pa Mlangeni tinkaima ndi malemu kudya chimanga chootcha, iwo akukangana ndi ogulitsa za nyengo ya mvula ngati kuti mvulayo amaigwetsa ndi iwo. Tsiku limeneli sitinaime. Tinatsika timitsetse tingapo, thiraki inangogwedezeka pang'ono, a Nambewe n'kumangoyang'ana timizere ta pa laputopu yawo tikukwera ndi kutsika.

Itakwana naini tinafika pa boma la Ntcheu. Tinagula tchipisi cha pachiwaya ndi tiyi, tikudya chiimire. Apa ndi pomwe mayiwo anandifunsa.

"Bambo Gama, n'chifukwa chiyani pamtsetse simuchotseratu phazi pa moto?"

"Ndimachotsa."

"Ayi, simuchotsa. Kompyuta ikuonetsa. Ikangotsala pang'ono kudumpha, inu mumaikhudza pang'ono, ndiye imafatsa. Mukuibisira mlandu. Ine sindingakonze chimene sindikuchiona."

Phazi langa linkachita zimenezi lokha, monga linazolowera pa chilole chakale, kunyengerera injini isanakwiye. Yohane anati, "Mwamva? Ndi phazi lomwelo." Mayiwo anamuyankha kuti adikire kaye, mlandu sunazengedwe.

Tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wotsikira ku Kandeu. Ndi msewu umene ndinaphunzirirapo kuopa galimoto. Patsogolo chigwa chinali mbee, kutentha kukukwera kudzatichingamira. Tinapeza wanjinga atanyamula makala akutsika wapansi, ndipo anatikuwira kuti tisamale, kumunsi mvula inakumba ngalande. Titafika pamalo owongoka pang'ono, a Nambewe anati ndiike giya yotsika, ndichotse phazi, ndisakhudze kanthu mpaka iwo atanena.

Munthu amene wayendetsa katundu moyo wake wonse, kumuuza kuti asiye thiraki yodzaza izichita zofuna zake pamtsetse, n'kumupempha chinthu chachikulu. Koma ndinadziwa kuti phazi likakhala pansi lindipereka. Ndinalinyamula ndi dzanja n'kulisanjika pampando, nsapato ndi fumbi lake lomwe, kuti Yohane alione bwino.

Thiraki inadumpha. Inagwira mpaka tonse tinaweramira kutsogolo, kenaka inadumphanso mwamphamvu kuposa kale. Matumba kumbuyo ankagunda. Yohane anagwira chitseko ndi manja awiri.

"Madala, pondani! Pondani buleki!"

"Dikirani!" anatero a Nambewe, maso ali pa laputopu. "Kamodzinso... basi, imani!"

Ndinaponda buleki, tinaima pansi pa mtengo wa mango.

Mayiwo anatifotokozera mosavuta. Ukachotsa phazi, kompyuta imatseka dizilo kuti injini ithandize kugwira galimoto. Koma iyi inkachedwa kutsegulanso, injini n'kutsala pang'ono kuzima, kenaka mwamantha inkathira dizilo wambiri nthawi imodzi. Anati inatcheredwa molingana ndi injini ina, osati iyi. Anasintha manambala ake kuti izitsegula msanga ndiponso pang'onopang'ono. Tinayesa, inadumphabe pang'ono. Tinaimanso, anasinthanso. Ntchito yonse inatha popanda ngakhale dontho la oilo m'manja mwawo, zimene mpaka lero zimandidabwitsa.

Kachitatu thiraki inatsika mwaulemu, injini ikung'ung'udza mofanana mpaka kumunsi. Ndinakondwa, koma ndinamvanso chisoni. Luso limene ndinalisonkhanitsa zaka zonsezo, lomva injini isanalankhule, mayiwa anali atalilowetsa m'kabokosi, ndipo aliyense akanatha kutsika mtsetse umenewu tsopano.

Tinalowa pa Kandeu dzuwa lili paliwombo, anthu ogula kachewere akutidikira ndi madengu, ena atayala mpunga wa kuchigwa woti tibwerere nawo. Nditatsika, mwendo wanga unayamba kunjenjemera zenizeni, chifukwa cha mantha a pamtsetse paja. Ndinathawira kuseri kwa thiraki n'kumanamizira kumasula zingwe kuti udikhe kaye. Yohane anandipeza komweko. Anauona mwendowo, palibe kukayika. Anavula chipewa.

"Madala, ndinakulakwirani. Miyezi yonseyi mumaigwira ndinu, ine n'kumakunenani."

"Galu wamkota sakandira pachabe, bwana," ndinatero.

"Wanganso ukunjenjemera," anatero, akuloza mwendo wake. "Tikhale pansi."

Tinakhala pa thumba limodzi la kachewere, ine ndi mwana wa malemu, mpaka miyendo yonse inadikha. Thiraki imeneyo ndinaiyendetsa zaka zina zinayi. Tsiku lopuma ndinasankha ndekha, ndipo makiyi ndinapereka ndi dzanja langa.