Magazi a Tiyese Ndawaona Ndekha

Moni ana anga nonse.

Wabwera Tiyese, wabwera mdzukulu wanga, wabwera ndi miyendo yake! Mwezi wathunthu foni yake inali zii, anthu n'kumati anamapopa a kumanda akale ku Lusaka am'popa magazi. Ine ndinaleka ndi kudya komwe.

Lero masana watsika pa njinga kuno ku Zingalume. Asanakhale pansi ndamugwira, ndam'tsitsa chikope monga amachitira anesi ku kiliniki. M'katimo psuu, ngati phwetekere wakupsa. Ndavina ine, ndavina mpaka chitenje kumasuka.

Iye akungoseka: "Ambuya, foni anandibera. Kumandako ndinapeza ntchito yotchetcha udzu. Wopopa magazi kumeneko ndi udzudzu basi."

Akuti Lolemba abwerera. Ine nsapato zake ndabisa m'nkhokwe. Mukuti bwanji, ndim'patse?