Nkhosa ya ku Vubwi ndi Mbuzi Yanga

Amuna anga anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo anthu ankati ndili ndi mwayi. Eee, mwayi wakewo! Nkhondo ya Ajeremani itangotha, anthu akubwerako ku mtengatenga wosenza katundu wa asilikali, amuna angawo anakomedwa ndi nkhani ya mbusa wosiya nkhosa zonse kukafuna imodzi yotayika. Lamulungu lililonse inali yomweyo. Munthu woti sanawetepo ngakhale nkhuku, koma akaima kutsogolo n'kuyerekeza kusenza nkhosa paphewa, amayi ankapukuta misozi.

Ine ndinkamvera ndili panja, nditatsamira khoma. Mayi anga atamwalira ndinafulula mowa wa bona, monga ankachitira mwana wamkazi aliyense kwathu ku Mkaika, kuti mzimu wawo ugone. Akulu a mpingo anandidula. Wokanena anali ndani? Mbusa wanga yemweyo, wogona naye pamphasa imodzi. Akuti sakanatha kubisira Mulungu, ngati kuti Mulunguyo sanaone utsi. Mgonero anandiletsa, koma chimene chinkandidya mumtima n'chakuti ndikafa adzandiika opanda nyimbo. Ndinkafunitsitsa kubwerera, ndipo woti akandilankhulire kwa akulu anali amuna anga omwewo.

Ndiye kunamveka kuti bambo wina wobatizidwa bwinobwino wathawira ku Vubwi, kumene akuvina gule ndi kupapira mowa. Amuna anga anatola ndodo. Inali nthawi yopalira: ine ndi khasu, iwo ulendo. Anabwerako chimanga chitamasula, mapazi atang'ambika, nkhosa yawo ili pambuyo, yonenepa bwino, ikununkha masese.

Chimwemwe chake! Akuti kumwamba akusangalala, ndiye ifenso tisangalale. Anapha mbuzi yanga imene anandipatsa atsibweni, poti iwo, mkamwini pamudzi pathu, analibe ngakhale chingwe chomangira. Wophika ndinali ine ndemwe. Yotayika ija inadya chiwindi, n'kunyambita zala, ndipo Lamulungu lotsatira inakhala kutsogolo ikuimba mokweza kuposa onse.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawapeza pakhonde akuthowa mapazi awo aja. Ndinagwada pambali pawo.

"Aphunzitsi," ndinatero, poti dzina lina linandikanika kutuluka pakamwa, "kodi ine mudzandifuna liti? Kapena ndiyambe ndathawira ku Vubwi?"

Anandiyang'ana modabwa zenizeni, osati mwachipongwe ayi. Bola akanandinyoza, ndikanadziwa poyankha.

"Inu mayi simunatayike," anatero mofatsa. "Ndikudziwa pamene muli. Taonjezani madzi otenthawo, awa azizira."

Ndinadzuka n'kukatereka madzi. Ndinalira ndili kukhitchini, ndipo mwana wanga atandifunsa ndinati ndi utsi.