Nthenga ya Kakowa ku Chiuta

Lero ndatola nthenga yoyera pakhonde, ndipo ndakumbuka ulendo womaliza umene ndinayenda ndi bambo anga. Tsiku lotsatira ankakakwera sitima ku Nkaya, ulendo wa kumigodi ku Joni, ndipo sanabwererenso.

Anandikweza panjinga mpaka kunyanja ya Chiuta. Kunkanunkha matope ndi utsi wowambira matemba. Tinakhala pabwato lakale tikuonerera akakowa akutera m'mabango, mvuu ikufwenthera chapatali. Kenako nantchengwa analira pamwamba pathu. Amayi ankati mbalame imeneyi ikatero ndi malodza, kukubwera maliro. Ndinawagwira malaya bambo anga.

"Ababa, musapite."

"Iyayi mwanangu, ameneyu akungolirira achule ake," anatero.

Anatola nthenga ya kakowa n'kundisomeka m'tsitsi.