Phala la Malume ndi Mroma wa pa Geti

Buku lija linafika m'chipinda chathu ku Umm Ghuwailina, mu mzinda wa Doha, m'jumbo imodzi ndi nsinjiro. Anatitumizira ndi mayi wina wa kwathu amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Fereej Al Murra. Abwana awo aakazi ankataya zinthu zakale, mayiwo n'kutolapo bukulo poganiza kuti azibambo otsekeredwa m'chipinda azionerako zithunzi. Inali nthawi imene mliri wa korona unali utangolimba kumene, mahotela atatseka, ngakhale ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, kumene tinkakapitidwa mphepo tikapuma kunali zii.

M'chipindamo tinalimo asanu ndi mmodzi, koma nkhani ino ndi ya atatu. Ine ndinali mlonda, woima pa geti la nyumba ya maofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Panali mnzanga wa ku Zomba, khukhi wa ku hotela, amene ntchito yake inali itaima, moti ankangokhalira kukwecha mapoto okwechakwecha kale. Ndiye panali Malume. Sanali malume a aliyense wa ife, koma imvi zinali mbuu, ndipo munthu wotero sungamutchule dzina. Anali a ku Ntcheu, dalaivala wa basi yonyamula antchito.

Bukulo linali la zithunzi zojambula pamanja, zoseketsa, mawu ake ali m'timabaluni totuluka m'kamwa mwa anthu. Vuto linali limodzi: linali la Chifalansa. Ndinapita nalo ku ntchito kukaonetsa mnzanga wa ku Cameroon. Iye anangoti anthu a ndevuwo ndi Agaulo, mtundu wakale wa ku France, ovala zitsulowo ndi asilikali a Chiroma, ndipo Agaulowo ali pa ulendo, Aroma akuwatchingira njira. Zambiri analibe nazo nthawi.

Nditawafotokozera Malume, anandilanda bukulo.

"Khalas, zakwana zimenezo. Zotsalazo ndiwerenga ndekha."

Chifalansa sankachidziwa ngakhale liwu limodzi. Koma madzulo aliwonse tikangomaliza kudya, ankavala magalasi awo omangidwa ndi kawaya, n'kutsegula bukulo, chala chikuyenda pansi pa mawu ngati mkulu wa mpingo pa Sabata. Ankawerenga masamba awiri okha patsiku, kaya tiwachonderere bwanji. Agaulo awo ankalankhula Chichewa cha ku Ntcheu, ndipo ulendo wawo unali wochokera ku Tsangano kupita ku Lizulu ndi matumba a kachewere. Pa rodibuloko ina anauza Aroma kuti mbatatayo ili ndi mphere yopatsirana, asilikali n'kuthawa okha. Pa ina anatuma Mroma kuti akatenge kalata yomuloleza kufunsa kalata. Tinkaseka mpaka a chipinda choyandikana kumenya khoma.

Chimene chinkandinyansa n'chakuti Mroma aliyense ankalankhula ndi mawu anga. Malume ankatukula chifuwa, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti, "ID please! Temperature! Mask up, mask up!" ndendende mmene ndinkachitira pa geti. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo tsiku lina ndinawafunsa.

"Malume, bwanji daily wopusa amakhala wa pa gate?"

"Mphwanga, ine ndikungowerenga zomwe zalembedwa. Ngati uli ndi complaint, ukakangane ndi Mfalansa."

Ndinkanyinyirika, komabe ndikaweruka ndinkathamanga kuti andipeze ndakhala kale pa bedi langa. Ndinkawakonda bambo aja, kungoti zotere sitiuzana.

Atatsala masamba asanu ndi limodzi, Malume anayamba kutsokomola. Masiku amenewo aliyense ankayenda ndi ka app ka boma pa foni, kobiriwira ngati uli bwino. Kawo kanafiira. Ambulansi inawatenga kupita nawo ku nyumba ina kunja kwa tawuni kumene ankasungako antchito odwala. Ife anatiyeza, natitsekera masiku athu, kenako mafoni athu anabiriwiranso. Koma Malume sanabwere.

Kumeneko madokotala ankawaona, mankhwala ankalandira, chakudya chinkabwera katatu. Chifuwa chinayamba kuchepa, koma iwo sankadya. Pa foni mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Sichikulowa, mphwanga. Mpunga ukungokhala mchenga m'kamwa. Kwathu munthu ukadwala anthu amabwera, amakhala pa mphasa, amakukakamiza phala. Kuno ndifa ngati nkhuku ya chitopa, popanda wondizonda."

Kenako anasiya kuyankha foni. Mkenya wina amene ankagona nawo chipinda chimodzi ndiye anatiuza kuti akungoyang'ana kukhoma, mbale zikubwerera zodzadza. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinaona kuti korona ikhoza kuwasiya bambowo, koma n'kufa ndi njala chakudya chili pambali.

Khukhi ndiye anayambitsa maganizo oti tiwaphikire phala tikawapatse. M'sutikesi ya Malume munali kaufa ka mgaiwa kochokera kumudzi, nsinjiro za mayi aja zinalipobe. Koma lamulo la kumalo aja linali lomveka: alendo ayi, katundu wochokera kwa anthu wamba ayi, kupatula wa kampani.

"Ndiye tidutsa bwanji?" anafunsa.

"Ine si Mroma kodi? Ndikudziwa mmene Mroma amaganizira."

Ndinamuuza chinsinsi cha ntchito yathu. Mlonda sayang'ana nkhope. Amayang'ana chovala, pepala ndi mayendedwe. Munthu wovala rifulekita, wanyamula katoni, pepala lili m'manja, akuyenda ngati wachedwa kale, timamufunsa mafunso awiri basi. Komanso ku Doha ukangonena kuti makina oziziritsa m'chipinda afa, mageti onse amatseguka, chifukwa palibe mlonda amene amafuna kuti munthu apsere m'kati chifukwa cha iye. Tinagwirizana kuti tikhala amakaniko a AC, makina oziziritsa aja. Kulowa sitinkafuna, ndife amantha pa matenda. Tinkangofuna kuti katoni ifike pa chipinda cha Malume.

Tsiku langa lopuma, khukhi anaphika phala n'kulithira mu fulasiki. Ine ndinali kalikiliki kubwereka marifulekita ndi kufunafuna pepala looneka la ofesi, ndipo ndinapeza ndandanda yakale ya mashifiti athu. Kulongedza ndinamusiyira iye. Ndinangomuuza kuti aikemonso buku lija.

Woyendetsa takisi atamva kumene tikupita anakana kuyandikira, natitsitsa patali ndithu. Tinayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, masiki atanyowa ndi thukuta, mchenga ukuotcha kudzera m'nsapato. Nditacheuka ndinapeza khukhi wasenza katoni pamutu, manja akugwedeza, ngati akuchokera ku chigayo.

"Iwe, tsitsa katoniyo! Unamuonapo technician wasenza pamutu?"

"Nanga ikutentha m'manja, aise."

"Itenthe. Ndipo usamwetulire. Ma technician samwetulira, amakhala busy."

Pa geti panali mlonda wa ku Nepal, wamfupi, wachikulire, tsitsi la m'mbali litachita imvi. Anaona mafoni athu, natiloza kamfuti koyezera kutentha pamphumi. Ine ndinatukula chifuwa, chala changa chachikulu chitaphimba mutu wa pepala lija.

"AC part. Urgent. Mudir waiting. Yalla, yalla."

Yalla ndiye kuti fulumira, mudir ndiye bwana, ndipo dzina limenelo limanjenjemeretsa mlonda aliyense. Koma mkuluyu anayang'ana pepala, nayang'ana ine, nayang'ananso katoni.

"Open."

Ndinatsegula molimba mtima, poganiza kuti aona fulasiki yachitsulo yokulungidwa m'mapepala, yoti n'kuinamizira kuti ndi chipangizo. Koma ayi. Khukhi anali ataikulunga fulasikiyo m'chitenje cha maluwa ofiira, namanga mfundo yokongola pamwamba, supuni ataisomeka pa mfundopo, ndendende mmene amayi amanyamulira chakudya popita kukazonda ku chipatala. Ndinamuyang'ana ndi diso loti akanakhala nyerere akanafa.

"Nanga phala la odwala lipite lamaliseche?" ananong'ona.

Mlonda uja anamasula mfundo pang'onopang'ono, natsegula fulasiki. Fungo la nsinjiro linatipeza tonse atatu ngakhale tinali m'masiki.

"Brother, this AC part?"

Bodza linandithera. Ndinangoti, "Uncle. Sick. No eating." Ndinazindikira kuti mawondo anga apindika okha ndipo manja ndawaphatikiza ngati ndikupepesa kwa apongozi. Ndinkadziwa bwino chimene chimatsatira, pakuti inali ntchito yanga: kuitana supavaiza, kulemba lipoti, kujambula ziphaso. Mlonda wogwidwa akunama pa geti la eni ake sakhalitsa pa ntchito. Ndipo ndinakumbukira bambo wina amene ndinamubweza pa geti langa ali ndi chakudya cha m'bale wake, ine n'kumadzimva kuti ndagwira ntchito. Manyazi anandigwira.

Mkuluyo anatulutsa buku lija, nayamba kutsegula masamba. Anaima pa chithunzi china cha msilikali wa Chiroma atagwira mkondo pa chipata, Agaulo akumudutsa kumbuyo. Anatulutsa kampweya m'mphuno, kaya kunali kuseka kaya chiyani. Kenako anasuntha mapazi awiri kumanzere. Khukhi sanaone kanthu, koma ine ndinaona. Pamwamba pa kanyumba kake panali kamera, ndipo pamene anaimapo msana wake unaphimba katoni yonse.

Anatseka fulasiki, namanganso chitenje mfundo yokhotakhota, moti dzanja la khukhi linayamba kunyamuka kuti likonze, ine n'kuligunda ndi chigongono. Anatseka katoni, natsegula buku lake lolembamo zolowa, nalemba akutchula mokweza.

"AC part. One piece. Which room?"

Ndinamuuza. Anaika katoniyo pa shelefu ya katundu wolowa, natikupiza ndi dzanja ngati akuingitsa nkhuku.

"Go, go. Khalas."

Tinabwerera wapansi mpaka pa msewu waukulu. Kumeneko khukhi anati mfundo ija yamupweteka mtima, ndipo ndinamutukwana, kenako tonse tinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Dzuwa likulowa, foni yanga inalira. Chinali chithunzi chochokera kwa Malume: fulasiki itazondotsedwa pa bedi, supuni ili pambali, popanda dontho logwa. Ndinapita ku bafa kukalira, kuti anzanga asandione. Nditabwerako ndinapeza pafikanso uthenga wa mawu, ndipo tonse asanu tinaunjikana pa foniyo.

"Waphika ndani phala limeneli? Mchere wachepa." Anatsokomola kanthawi. Kenako tinamva pepala likutembenuzidwa. "Tinalekezera pati? Eya. Agaulo aja afika pa gate lomaliza, pa Lizulu penipeni. Ndiye apa Mfalansa walemba kuti Mroma wa pamenepo anawaona bwinobwino, ndi kachewere wawo yemwe. Ameneyu sanapusitsidwe ayi. Anangokumbukira kuti nayenso ali ndi malume ake kwawo, ndiye anayang'ana kumbali."

Aka kanali koyamba kuti Mroma asalankhule ndi mawu anga. Mawa lake Mkenya uja anatiuza kuti adya buledi ndi tiyi, mkuja wake mpunga, akudandaula uku akumeza. Patapita sabata anabwera, ataonda, thalauza atalimanga ndi chingwe cha chaja, chitenje chija atachipinda bwino m'thumba.

Miyezi ingapo pambuyo pake lamulo linasintha, munthu n'kumatha kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wake. Malume anapeza malo ku kampani ina, yokhala ndi nyumba zake kutali ndi ife. Tsiku losamuka anandipatsa buku lija, akuti Mroma aziphunzirapo. Iwo akumanga sutikesi, ine ndinafufuza tsamba la geti lomaliza lija. Mroma wa pamenepo anali chagada m'fumbi, miyendo m'mwamba, chipewa chitaphwanyika, tinyenyezi tikuzungulira mutu wake.

"Malume, apa palibe Mroma woyang'ana kumbali. Uyu am'menya."

Anavala magalasi awo a kawaya, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali, nandiyang'ana ine pamwamba pa magalasiwo.

"Mphwanga, iwe Chifalansa unachiphunzira liti?"