Chaka Chimene Ndinakazinga Mbewu

Nchito yanga yoyamba ndinaipeza m'matope. Ndinali kuchoka ku Petauke pa njinga pamene ndinapeza lole itatitimila kufupi ndi kwathu ku Msanzala. Ndinathandiza kukankha, ndipo kapitawo wake, a Mulenga, munthu wa ku Migodi, anati, "Mphamvu uli nazo iwe. Mailo kukacha ubwele ku msasa." Zinali zaka za chipani chimodzi, dziko lonse likudya mkuwa, ndipo ine khasu linali litandikwana.

Anali anthu ofufuza mkuwa m'mapili. Makina ankaboola pansi ndi mipaipi yolumikiza, mwala n'kutuluka wautali ngati mzimbe. Ine ndinkautsuka ndi bulashi, kuuyala m'mabokosi a matabwa motsatana ndi mmene watulukila, ndi kulemba kuya kwake ndi penti. Ukasokoneza chidutswa chimodzi, nchito ya sabata yonse yapita. Ndikaona madontho obiliwila pamwala, mtima sunkakhalanso m'malo. Mgodi ubwela pano, ine ndidzavala chisoti cha mumgodi!

Masana alionse a Mulenga ankatsegula wailesi kuti amve mtengo wa mkuwa. "Mkuwa sumela, Tembo," ankatelo. "Ukatha watha. Chinthu chotelo mtengo wake ungokwela basi."

Ndinakhulupilila mpaka kupusa. Mkazi wanga, amake Dailesi, anali atasunga thumba la mtedza wa chalimbana, mbewu ya chaka chimenecho. Ine ndinati kulima n'kwa anthu osaona patali, n'kuyamba kutapa, kukazinga, kukagawila anzanga ku msasa. Thumba litafika pansi, iwo anangoti, "A Tembo, mwakazinga munda wathu."

Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, a Mulenga anamvela wailesi ataimilila. Mtengo unali ukutsika kwa miyezi, koma ine ndinkati n'zakanthawi. Atawelenga kalata imene inabwela ndi lole, anati, "Masulani mipaipi. Tikupita."

"Bwanji, bambo? Mkuwa mulibe?"

"Ulimo, wambili. Koma kuukumba kwadula kuposa kuugulitsa."

"Nanga si munati sungatsike?"

A Mulenga anazima wailesi. Ndinamasula mipaipi ndi sipanala, mabokosi anga onse aja tinawasiya m'thengo. Pobwelela ndinadutsa minda ya anthu, aliyense atawelama akubzala. Manyazi anandigwila, ndinalambalala mudzi.

Amake Dailesi anapita kwa alongo awo ku Mwape kukalima ganyu kuti apeze mbewu, ndipo anabwela nayo mvula itapita patali. Tinakolola madengu awili. Mwana wathu Dailesi anaonda ine ndikuona, ndipo mpaka lelo zimandiwawa.

Kuyambila pamenepo mtengo wa mkuwa ndaumva ukugwa zaka zambili, kudzuka, kugwanso. Kuti chinthu chidzatha sikutanthauza kuti chidzadula chaka chimene iwe wachidalila. Ine ndinabwelela ku khasu.

Tili okalamba kale, mtengo utakwelanso, kunabwela anthu ena pa galimoto kudzafunsa kumene tinaboola. Ndinadzuka msangamsanga kufuna nsapato, mtima uja wayambanso. Amake Dailesi analowa m'nyumba, anatulutsa thumba la mbewu, n'kulikhalila mpaka galimoto itapita.